Nambala 4 pa Chipwitikizi

Ife a pa Zóbuè timayenda ndi ndalama za maiko awiri, meticais thumba lino, makwacha thumba linalo. Mu foni timaikamo malaini awiri, ya Movitel kapena Vodacom, ndi ya Airtel kapena TNM. Maliro akagwa ku Mwanza timapita, ukwati ukakhala ku Mussacama abale a ku Malawi amabwera, ndipo ponsepo chiyankhulo chake ndi chimodzi, Chichewa, chimene mabuku a boma kuno amachitcha Cinyanja. Munthu ungathe kubadwa, kuchita geni, kumanga nyumba ya malata mpaka kumera imvi pa Zóbuè, Chipwitikizi chako chili cha moni ndi cha mitengo ya katundu basi. Ine ndili m'gulu limenelo.

Nkhondo inatithamangitsa mu 1986 ndili kamnyamata, tinakakhala kwa abale a amayi m'boma la Mwanza. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 makolo anga anabwerera, ine ndinatsalira chifukwa cha sukulu. Ndinafika Fomu 4, ndinakwatira konko, ndipo mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwa mu 2010. Chaka chotsatira, malasha a ku Moatize atayamba kutuluka, msewu wa EN7 utadzaza mathiraki, ndinabwerera kwathu kudzatsegula kagolosale pafupi ndi chipata cha malire. Ndimapikula mafuta ophikira, sopo ndi zitenje ku Tete, ndipo ogula anga ambiri ndi amayi a geni ochokera ku Malawi, olipira makwacha. Mwanayo atafika msinkhu wa sukulu tinamutumiza kwa agogo ake akuchikazi ku Mwanza. Ankakhoza bwino, makamaka Chingerezi.

Maganizo omuchotsa kumeneko anali anga ndekha. Popita kokapikula, chapa, minibasi ya kuno, imadutsa m'kati mwa Moatize, ndipo maso anga ankakhala pa anyamata ndi atsikana ovala zipewa zolimba ndi nsapato za zitsulo, akudikira mabasi a kumgodi. Vale inayamba kutulutsa malasha kumeneko mu 2011, mu 2022 mgodi unapita m'manja mwa Vulcan, ndipo sitima zake zimadutsa m'boma la Mwanza lomwelo, pa njanji ya makilomita oposa 900 yopita ku Nacala. Ndinkadziwa kuti si onse amene malasha aja anawakomera. Mabanja mazanamazana anasamutsidwira ku Cateme mu 2009 ndi 2010, kutali ndi msika, ndipo oumba njerwa anataya malo awo. Koma ndinkaonanso kuti wokhala ndi pepala la ku Instituto Médio de Geologia e Minas pa Moatize pomwepo, kapena la ku Instituto Superior Politécnico de Tete, akamayankhula Chipwitikizi ndi Chingerezi, sagona ndi njala. Ndinawerengera motere: Chingerezi mwanayu ali nacho kale, ndikamuika pa sukulu yolipira, pomwe aphunzitsi sajomba ndipo ana m'kalasi ndi ochepa, Chipwitikizi chilowa chokha. Mkazi wanga anati tidikire alembe kaye mayeso a Sitandade 8. Apongozi anangoti, "Mwana ndi wanu, a Phiri." Mwiniwakeyo sindinamufunse.

Mu Januwale 2023 tinatsika phiri. Kuchoka pa Zóbuè kukafika ku Moatize ndi makilomita pafupifupi 100, koma nyengo yake ndi ina. Kwathu usiku timafunda bulangeti. Kumeneko dzuwa limaswa mtengo, milambe ili mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo fumbi lakuda limatera pa zovala zoyanika. Anthu ake amayankhula Chinyungwe, chimene Mchewa amatolako theka akatchera khutu. Chaka chimenecho ndi chimene kalasi ya 7 inasamukira ku sekondale, potsata lamulo la maphunziro la 2018, ndiye mwana amene ku Malawi anali wa pulayimale anangopezeka wa sekondale, phunziro lililonse mphunzitsi wakewake.

Ku ofesi ya sukulu mlembi anayankhula Chipwitikizi chothamanga kwa nthawi yaitali. Ine ndinali nditavala jekete, kumbuyo kwanga kuli mzere wa makolo onunkhira, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinatolapo matrícula (kulembetsa), propina (fizi ya pamwezi), multa (chindapusa) ndi tsiku la 10 la mwezi, pakuti mawu a ndalama ndimawadziwa. Zinazo ndinkangoti sim, sim, kutanthauza inde. Ndinasaina monga encarregado de educação, kholo limene sukulu imaliitana pakakhala nkhani. Mlembiyo anafunsa mwanayo funso lina, mwanayo anayang'ana ine, ine ndinayankha sim, mlembi anachonga pa fomu.

Ndinamusiya kwa mlamu wanga, msuweni wa mkazi wanga, mayi wamasiye wogulitsa tomato pamsika, wamtima wabwino koma sukulu sanapiteko. Posiyana ndi mwanayo ndinamupatsa lamulo limodzi, lakuti pa foni asamandiyankhule Chichewa, kuti lilime lizolowere. Kuyambira pamenepo mafoni athu sankachedwa. Ndikati "Tudo bem?" iye "Tudo bem, papá," basi, chifukwa Chipwitikizi cha tonse awiri chinkathera pomwepo. Ine n'kumagona mtima uli m'malo.

Anandiika pa gulu la makolo la WhatsApp, ndipo mauthenga ankabwera usana ndi usiku. Wokhala ndi chiwerengero cha ndalama ndinkaumva, n'kutumiza pa M-Pesa: ya yunifomu ya masewera, ya mapepala, ya phwando, ya mphatso. Wopanda ndalama ndinkauyankha ndi kachala koloza kumwamba, monga ankachitira anzanga. Pa sitolo yoyandikana ndi yanga pali mnyamata womaliza kalasi ya 12 amene akanandiwerengera uthenga uliwonse ulere. Sindinamuonetse ndi umodzi womwe. Pa Zóbuè ndimadziwika kuti ndine munthu wa sukulu. Anthu amabwera kwa ine ndi mapepala a Chingerezi a pa kasitomu ya Mwanza, ena a kuchipatala ku Blantyre, kuti ndiwawerengere. Kunyamula foni kupita nayo kwa mwana wa dzulodzuloli kuti andiuze za mwana wanga ndemwe, ndinkaona kuti n'kudzivula pagulu.

Chigawo choyamba chitatha, mwanayo anabwera kutchuthi ataonda. Ndinati ndi kutentha. Anandipatsa pepala la zotsatira ndi manja awiri, maso ali pansi. Maina a maphunziro sanandivute, ndipo pambali pa lililonse panali nambala: Português 4, História 5, Geografia 6, Matemática 14, Inglês 18.

Amene anaphunzira ku Malawi andimva pamenepa. Mwana akabwera kotsekera, funso pakhomo limakhala limodzi: wakhala nambala chani? Nambala 1 ndiye katswiri. Pa mayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 9 ndi kulephera, ndipo wa mapointi 6 dzina lake limamveka dziko lonse. Mutu wanga unaumbidwa kuti nambala yochepa ndiyo yabwino. Kalasi ya mwanayo inali ya ana makumi awiri ndi mphambu zochepa, motero manambala onse aja ankakwanira bwinobwino kukhala malo ake m'kalasi. Ndinawerenga kuti mwana wanga, m'chigawo chimodzi chokha, wakhala nambala 4 pa Chipwitikizi pakati pa ana oyamwira chiyankhulocho, koma wagwa mpaka nambala 18 pa Chingerezi chimene anabwera nacho.

Ndinapha nkhuku chifukwa cha 4 uja. Titadya ndinamukhazika pansi chifukwa cha 18. Ndinamuuza kuti wayamba matama, kuti akupeputsa phunziro limene agogo ake ankamugulira makandulo kuti aliwerenge usiku. Iye anati, "Ababa, kuno sawerenga choncho." Ndinamudula pakamwa: "Iwe, usandiphunzitse sukulu. Fomu 4 ndinafika usanabadwe." Anakhala duu. Mayi ake, amene analekezera Sitandade 5, anayang'ana pepala, anayang'ana mwana, n'kunena kuti nkhope iyi si ya munthu amene wakhoza. Ndinawayankha kuti za sukulu andisiyire ine.

Kutacha nkhani inali ponseponse pamalire. Osintha ndalama, anyamata a njinga zamoto, madalaivala odikira mapepala, onse ndinawauza kuti mwana wanga ndi nambala 4 pa Chipwitikizi. Pepala lenilenilo silinatuluke m'nyumba. Likanaonedwa ndi aliyense amene anakhalapo pa benchi ya sukulu ya m'Mozambique, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Kenako ndinatuma mlamu wanga kuti apeze explicador, mphunzitsi wapadera wa madzulo, wa Chingerezi ndi masamu. Anapezeka mnyamata wina wophunzira za migodi. Sipanapite nthawi anandiimbira, akusakaniza Chinyungwe ndi Chichewa, kunena kuti mtsikanayu Chingerezi akumuposa iye mwini, bwanji azimuthandiza Chipwitikizi. Ndinaganiza kuti akufuna ntchito yopepuka. Ndinamuuza kuti wolipira ndine, achite zimene ndamutuma. Anachitadi.

Panalinso caderneta, kabuku kamene aphunzitsi amalembamo uthenga wopita kwa kholo. Pochokera ku Tete ndi katundu ndinkatsika kwa mlamu wanga mothamanga, chapa ikuliza hutala pamsewu, mwanayo n'kunditsegulira tsamba lolembedwa ndi inki yofiira. Ndinkasaina chiimirire. Tsiku lina anayesa kunong'ona kuti, "Akuti mubwere." Ndinati, "Ndalipira kale, ndikatani kumeneko?"

Mu Ogasiti linabwera pepala lachiwiri: Português 6, História 7, Matemática 15, Inglês 19. Kwa ine anali atatsika pa zonse. Tsikulo pakhomo panali alendo a kumpingo, ndipo pamaso pawo ndinawerenga mokweza ndalama zimene ndataya, mwezi ndi mwezi, n'kumaliza ndi kuti akapanda kubwerera pa 4 ndimuchotsa azikagulitsa tomato ndi amayi ake aang'ono. Sanalire. Anatola mbale n'kupita nazo kuseri.

Lachinayi lina mu Seputembala, dzuwa litapendeka, mlamu wanga anaimba foni akulira. Mwana sanabwere, ndipo kusukulu akuti anatuluka nthawi yopuma. Ndinatseka golosale, ndinapempha malo pa thiraki yotsikira ku Tete, ndinafika pa Moatize mdima uli bii. Kupolisi, kuchipatala, pamsika, ku siteshoni ya sitima, m'mabala a m'mbali mwa msewu momwe madalaivala amaima, monsemo ndinalowa. Pofotokoza maonekedwe a mwana wanga kwa wapolisi, Chipwitikizi chinandithera mkamwa, mpaka anachita kuitana mlonda wa ku Angónia kuti amasulire. Mbandakucha ndinapezeka pa mlatho wa Revúboè, uja unadulidwa ndi madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022, ndikuunika pansi ndi tochi ya pa foni. Kholo lina lililonse lisadzaime pamene ndinaima usiku umenewo.

Dzuwa litatuluka mkazi wanga anaimba. Mwana ali kwa agogo ake ku Mwanza. Anatenga ndalama ya explicador, anakwera chapa, anatsika asanafike pa golosale yathu, anadzera njira ya m'minda imene timadzera popita kumaliro, n'kufika usiku yunifomu ili m'thupi. Apongozi anayesa kundiimbira pa laini ya ku Malawi, imene ku Moatize sigwira, ndipo kutacha anatuma mnyamata pa njinga kudzauza mkazi wanga.

Mantha atachoka, mkwiyo unalowa. M'malo mothamangira ku Mwanza ndinalunjika kusukulu, osasamba, fumbi lili mbuu, kukafunsa chimene amuchita mwana wanga. Ndinakalipa pa khonde mpaka ana kusuzumira m'mawindo. Directora de turma, mphunzitsi woyang'anira kalasi yawo, mayi wachikulire wodekha, anandilowetsa m'chipinda, anandipatsa madzi, n'kuitana mphunzitsi wa Chingerezi, bambo amene nayenso anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, cha ku Dedza. Atamva kuti ndine yani anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Ndinu bambo ake? Chaka chonse ndakhala ndikufuna kukuonani. Pa phunziro langa palibe womuposa mwana wanu." Ndinati asandiseke, nambala 19 n'kutsogola kumeneko? Anayang'anana ndi mayi aja. Kenako anatenga pepala, anajambula mzere, kumanzere analemba 0, kumanja 20, pakati anadulapo n'kulemba 10. "Bambo, awa si malo a m'kalasi. Ndi valores, malikisi, kuyambira 0 mpaka 20. Kuyambira 10 kukwera, mwana wakhoza. Pansi pa 10 timati negativa. 19 ndiye kuti watsala pang'ono kutenga zonse. 4 ndiye kuti mwanayu sankamva zimene tikunena."

M'nkhongono munazizira. Ndinayamba kubwerera m'mbuyo nambala ndi nambala. Nkhuku ndinaphera kulephera. Mphunzitsi wapadera ndinamulipira pa maphunziro awiri okhawo amene mwanayo sankafuna thandizo. Ndipo chimene chimandipwetekabe ndi 6 uja. Kuchoka pa 4 kufika pa 6, mwana wopanda womuthandiza, m'chiyankhulo chimene mu Januwale sankachidziwa n'komwe, anali atakwera. Ine ndinamunyazitsa pamaso pa alendo chifukwa chokwera.

Mayi aja anatsegula mabuku awo. Zolemba zofiira zonse za mu caderneta zinali zondiitana, yoyamba ya mu Malichi, ndipo pansi pa chilichonse panali siginecha yanga. Anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti sukulu yakonza maphunziro a Chipwitikizi Loweruka m'mawa kwa ana ochokera kunja, kholo lingotumiza dzina. Pansi pake panali kachala kanga. Anatulutsa fomu ya mu Januwale, ndipo funso lija ndinayankha sim linali lakuti kodi kunyumba mumayankhula Chipwitikizi. Anandifunsa mwaulemu kuti nanga bwanji sindinanene. Ndinawauza zoona, koyamba chilowereni pa geti lija: Chipwitikizi sinditha kuwerenga.

Mlandu waukulu ndi wanga, sindikuugawa. Komabe pali chimene ndinawauza tsiku lomwelo, ndipo ndikuchinenabe. Mwezi umene propina inachedwa foni yanga inalira, ndipo woimbayo anapeza njira yoti ndimve, mpaka kuitana wosesa wodziwa Chichewa. Koma mwana atakhala pafupifupi chaka chonse osamva phunziro, uthenga unangokhala wa inki yofiira. M'boma la Moatize mabanja ambiri pakhomo amayankhula Chinyungwe kapena Chichewa. Boma la Mozambique lenilenilo linavomereza zimenezi kale: kuyambira 2003 sukulu zina za pulayimale zimayamba kuphunzitsa ana m'chiyankhulo cha kwawo, Cinyanja ndi Cinyungwe zili momwemo, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Sukulu imene ikulandira ndalama za wa golosale ndi wogulitsa nsomba iyenera kudziwa kuti si kholo lililonse lingawerenge kalata yake. Mayi aja sanatsutse.

Kwa apongozi sindinalowe ngati mwini mwana. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa manachesi, malume ake a mwanayo anakhala pa mpando monga mwini mbumba, ine ndinafotokoza zonse. Malumewo atamva anati, "Alamu, mwana atanena kuti kuno sawerenga choncho, chinakuvutani n'chiyani kufunsa kuti nanga amawerenga bwanji?" Ndinalibe yankho. Anamuitana mwanayo, anagwada chapatali. Ndinamuuza m'Chichewa, onse akumva: "Naphiri, ndinakulakwira. Iwe unkalimbikira. Amene sindinadziwe kuwerenga ndine." Sanayankhe, koma sanachokepo.

Za moyo wake wa kusukulu ndinazimva usiku umenewo, zambiri kudzera mwa agogo ake. Nthawi yopuma anzake ankatulutsa lanche, timabokosi ta juwisi, mabisiketi, soseji, ena ndalama ya ku kantini. Iye ankatulutsa mbatata yophika yokulunga m'pepala la shuga. Sabata yoyamba mnyamata wina anamufunsa kanthu, iye anayankha sim monga anaonera kwa ine, kalasi yonse inafa nacho chiseko, poti linali funso lachipongwe. Kuyambira pamenepo dzina lake linasanduka malawiana, ngakhale bambo ake ndi agogo ake aamuna anabadwira m'boma la Moatize lomwelo. Ankadyera kuseri kwa thanki ya madzi. Pa 1 Juni, tsiku la ana, limene sukulu za m'Mozambique zimalikondwerera kwambiri, uthenga unati ana abwere atavala zovala za kunyumba ndi chakudya chogawana. Ine ndinaona ndalama yokha. Mwanayo anafika yekhayekha wa yunifomu, m'manja mulibe kanthu. Zithunzi za tsikulo zilipobe pa foni yanga, ndipo nditazitsegulanso ndinamupeza kumapeto kwenikweni kwa chithunzi, theka la nkhope litabisika kumbuyo kwa mnzake.

Mnzake anali mmodzi, mtsikana wa ku Ulónguè, amene ankamunong'oneza m'Chichewa zimene mphunzitsi wanena, ndipo nthawi zina onse awiri ankadzudzulidwa kuti akuyankhula dialecto m'kalasi. Usiku ankakopera tsamba lonse la História n'kuliloweza osamva ndi liwu limodzi lomwe. Pambuyo pake mphunzitsi wa Chingerezi uja anamubwereka dikishonale, ndipo ankamasulira liwu ndi liwu pa nyali ya mlamu wanga mpaka tulo kumugwira. Tsiku lothawalo anali atalandira pepala la mayeso a Chipwitikizi atapeza 9. Anaona kuti kwa aphunzitsi sanakhozebe, kwa bambo ake waipiraipira, ndipo panalibe nambala imene ikanakondweretsa onse awiri.

Anavomera kukamaliza chaka, agogo ake ataika mfundo yakuti pa foni tiziyankhula Chichewa. Explicador uja ndinamupepesa, anayamba kumuphunzitsa Chipwitikizi. Ndinapitanso ku msonkhano wa makolo, n'kukhala kumbuyo, ndipo kumbuyoko ndinapeza kuti si onse a makiyi a galimoto. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma za chicoa zochokera ku Cahora Bassa anandiuza m'Chinyungwe kuti iye amabwera ndi mdzukulu wake womuwerengera chilichonse, ndipo sachita nazo manyazi. Mwana wake anafika kalasi ya 5 kwina osatha kuwerenga, koma pa sukulu iyi anawerenga chaka chisanathe, moti ngakhale zitavuta bwanji sangamuchotse. Bambo wina wa ku Zimbabwe, makaniko wa makina a kumgodi, anati ana ake anabweranso ndi Chingerezi chokha, koma iye anawabweza kalasi imodzi n'kuwapezera mphunzitsi wa Chipwitikizi sukulu isanatsegulidwe. Wina fizi inkalipiridwa ndi kuntchito, kontirakiti itatha anasamutsa ana awiri pakati pa chaka, ndipo chimene chinawaliza anawo si sukulu yatsopano, koma kuti anzawo akale anasiya kuwapatsa moni. Makolo akale ankakumbukirabe mkangano wa mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, pamene ankafunsidwa propina ana ali pakhomo akulandira ntchito pa foni. Onsewa mwana wanga ankamudziwa, kuchokera kwa ana awo, monga mtsikana wosayankhula uja. Mayi wa nsomba anati akanadziwa kuti bambo ake ndi wa pa Zóbuè pompa akanandifunafuna.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Osintha ndalama a pamalire anali atakweza kale mtengo wa metical, koma sabata imeneyo anaukwezanso. Amayi a geni anasiya kubwera, ndipo makwacha amene ndinali nawo m'kabati sanakwanenso kugula katundu yemwe anawabweretsa. Propina ya miyezi yomaliza inandikanika, multa inakwera pamwamba pake. Pauta, mndandanda wa zotsatira, itakhomedwa mu Disembala ndinapita ndekha, ndinatsata mzere wa dzina la mwana wanga ndi chala, ndipo ulendo uno ndinawerenga molondola. Maphunziro anayi anali pansi pa 10. Kumapeto kwa mzere kunali não transita, sakupita kalasi yotsatira. Chigawo chachitatu anachita bwino ndithu, koma amaphatikiza zigawo zonse zitatu, ndipo ziwiri zoyambazo n'zimene ine ndinamutayitsa. Ku ofesi anati mapepala osamukira sukulu ina satuluka ngongole isanathe. Ndinagulitsa njinga yamoto imene inkanditutira katundu.

Mu 2024 anabwereza kalasi ya 7 pa sukulu ya boma ya kufupi ndi kwathu, akugona pakhomo. Kalasi yake ndi yaikulu kuposa ya ku Moatize, koma nthawi yopuma anzake onse amacheza m'Chichewa, ndipo dzina lija palibe amene amamutcha. Anakhoza, Português 11. Pepala lililonse lochokera kusukulu tsopano ndimapita nalo kwa mnyamata wa sitolo yoyandikana nane, amandiwerengera mokweza makasitomala akumva, ine n'kumugulira mayunitsi.

Mayi ake akufuna abwerere ku Malawi, akuti chaka chimodzi chinatayika kale, china chisatayikenso. Ulendo uno ndinamufunsa mwiniwake. Za kumgodi alibe nazo chidwi. Akufuna kudzakhala mphunzitsi wa Chingerezi ngati bambo wa dikishonale uja, kuno ku Mozambique, ndipo akuti kuti afike pamenepo Chipwitikizi chake chiyenera kupitirira 11. Chimene sindinayembekezere n'chakuti akufuna kudzabwerera pa sukulu yomweyo ya ku Moatize, chifukwa kuli mabuku, kuli mphunzitsi uja, ndipo mnzake wa ku Ulónguè akadali komweko. Ndinapita kukafunsa mtengo, nditatenga mnyamata wa sitolo uja kuti amve zonse zimene mlembi anene. Propina yakwera, ndipo njinga ina yoti ndigulitse palibe. Mwanayo ndamuuza zimenezi monga zilili, ndipo tagwirizana kuti tikhalenso pansi, iye, mayi ake, malume ake ndi ine, zotsatira za mu Disembala zikatuluka.